Getsi Limene Mailesi Anasiya Likuyaka

Benoni, 14 Epulo 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse ku Ligoweko. Kodi mwendo uja ukupwetekabe? Ine ndinayenda bwino, ntchito ndinaipeza ikundidikira.

Mundikhululukire polemba m'malo moimba foni. Chimwalirireni mpongozi wanu Mailesi, ndikamva mawu anu nkhani imandisokonekera, mayunitsi amangotha pachabe. Mng'ono wanga Sosten azikuwerengerani. Iwe Sosten, uziwerenga zonse, usamadumphe.

Pamaliro paja munandifunsa kuti kodi ntchito yanga kwenikweni ndi yotani, lero ndikuyankheni. Kuno kudziko la eni anthu opeza bwino ali ndi timanyumba ta mateyala, amati makalavani. M'kati muli bedi, kafiliji ndi mababu. Akatopa ndi tauni amatikoka ndi galimoto kupita kutchire kopanda magetsi, kukagona pansi pa mitengo. Amawononga ndalama zambiri kuti akakhaleko monga timakhalira ife ku Ligowe. Ine ndimasamala mabatire a makalavani amenewa. Si mabatire olizira injini ayi. Lolizira injini limatulutsa mphamvu yonse kamodzi, ngati munthu wothawa galu. Awa amatulutsa pang'onopang'ono, dzuwa likatuluka sola ya padenga n'kuwadzazanso. Munthu akabwera kudzasankha ndimamuuza kuti ayambe walinyamula, chifukwa labwino limalemera. Ndimamuonetsanso mwezi umene linapangidwa. Lokhalitsa m'sitolo limagulidwa litayamba kale kufooka.

Lotere ndi limene ndinamutumizira Mailesi chaka chatha, pamodzi ndi sola ndi mababu awiri. Lili m'nyumba mwathu ku Luwani, kwawo kwa malemuyo. Nyumbayo ndinakhoma ndekha m'mawa umene ndinkanyamuka, ndipo kiyi ndili naye kuno. Kuchipinda sindinalowe. Ndinagwira chitseko, kenako ndinabwerera.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa a Yakubu a sitolo ku Zalewa. Mumugulireko mdzukulu wanu Atikonda nsapato ndi makope. Mukapita ku Luwani kukamuona kwa agogo ake, mukapereke moni kwa apongozi anga ndi kwa alamu anga a Laimoni. Za kusudzula zimene a Laimoni anatchula zija, muwauze kuti ndamva. Tidzakambirana.

Ndine mwana wanu,
Gerishon


Benoni, 26 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu nonse. Ndasangalala kumva kuti mwakolola, ngakhale ndi zochepa. Ine ndili bwino. Chipinda ndinkachita lendi chija ndinachokamo, kuderako anayamba kuvutitsa alendo. Bwana wandilola kugona m'kalavani yakale imene mwini wake anaisiya kuseri kwa galaja. Mateyala ake anaphwa, pansi pake panamera udzu, koma denga silidontha.

Sosten wandiuza nkhani imene yadzaza ku Luwani, yoti m'nyumba yokhoma ija mukumayaka getsi. Akuti kukamada limaoneka pa windo la kuchipinda, anthu akagona limazima lokha, mawa lake n'kuyakanso. Akuti amayi opita kumjigo akulambalala njira ija.

Amayi, ine ndikudziwa chimene chikuchitika. Tsiku limene anamunyamula Mailesi kupita naye kuchipatala kunali kusanache bwino, ndiye iye mwini anayatsa babu la kuchipinda kuti apeze chitenje chake. Palibe anazimitsa. Masiku a maliro panali anthu ambiri, palibe anadabwa nalo. Chiyakireni babulo likuyakabe, kungoti masana silioneka. Pakati pa sola ndi batire pali kabokosi kamene kamadula magetsi batire likafooka, n'kuwabwezeretsa dzuwa likalidzaza. Nkhani yonse ndi imeneyo basi.

Koma ndikukupemphani, musawauze. Iwenso Sosten, usunge pakamwa. Akadziwa adzati ndibweretse kiyi akazimitse.

Ndamva kuti Atikonda amakhala pakhonde pa agogo ake kuyang'ana windo limenelo, ndipo salowa m'nyumba mpaka atamukalipira. Musiyeni aziyang'ana. Inenso ndikaweruka ndimakhala pa sitepe ya kalavani kuyang'ana kumpoto. Ndimaiona nyumbayo bwinobwino: mpapaya uja, mtondo wogwa cham'mbali, katani yobiriwira imene tinagula pa Zalewa. Kuseri kwa kataniyo ndimaona ngati munthu akupinda zovala, osafulumira. Sindimuitana. Ndimangodikira kuti amalize.

Shuga kuno watsika mtengo, ndiika mapaketi angapo mu katundu wa mwezi wamawa, pamodzi ndi bulangete lanu.

Mwana wanu,
Gerishon


Benoni, 7 Julayi 2024

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji ndi chisanuchi? Kodi bulangete lija linafika? Kuno kukuzizira kwambiri, m'mawa udzu umachita kuyera. Ndili ndi kachifuwa, koma si kodetsa nkhawa.

Ntchito yachuluka chifukwa ino ndi nyengo imene eni makalavani amakonda kupita kumalo oonera nyama. Dzana kunabwera bambo wina wokwiya, akuti tinamugulitsa batire lachinyengo, latha chaka chisanakwane. Nditamufunsa bwino ndinapeza kuti amalikama mpaka lithereretu, tsiku ndi tsiku, filiji ndi mababu onse zili choyakira. Ndinamuuza kuti batire lotere limafuna kuti uzilisiyira theka. Ukamalitsitsa mpaka pansi masiku onse limakalamba msanga. Anagula lina la mtundu watsopano, lopepuka, losafuna madzi, la mtengo woti kwathu ungagulire ng'ombe. Ine ndimakondabe akale a zitsekero pamwamba, oti umatsegula n'kuona madzi ake ndi maso.

Ndikulankhula ndi bamboyo, mtima unali ku Luwani. Zimene ndinkamuletsazo ndi zimene likuona batire la Mailesi. Sosten akuti masiku ano getsi likuzima msanga, ndipo anthu akuti malemuyo ayamba kutopa. Ndi mitambo ya chiperoni imeneyo, sola sikukhuta dzuwa. Madzi akenso ayenera kuti atsika, popeza palibe wothiramo. Ndikudziwa zonsezi, Amayi, koma kiyi ali m'thumba la jekete.

Ndimagwira ntchito ndi mnzanga wa ku Ntcheu, dzina lake Dalitso. Tsiku lina anandipeza ndikupukuta mitu ya mabatire, akuti ndinkang'ung'udza. Anati, "Akulu, mabatirewa mumacheza nawo ngati nkhuku zanu. Tsiku lina adzakuikirirani mazira." Ndinaseka. Ndinali nditaiwala mmene kuseka kumamvekera m'chifuwa.

Kalavani yangayi ndimayenda nayo ndikatseka maso. Timadutsa Mwanza kukucha, Mailesi ali pambali panga, mapazi ataika pa mpando. Pa Zalewa amanditsitsa kuti ndikagule manachesi, n'kundinena kuti ndasankha owawasa. Timakwera mapiri, fumbi lofiira lili m'mbuyo, Atikonda akusuzumira pa windo kuwerenga mbuzi. Sitifika kulikonse. Pamene pakongola timaima, iye n'kuyatsa babu.

A Laimoni anditumiziranso uthenga wa kusudzula. Muwauze kuti ntchito yandipanikiza.

Mwana wanu,
Gerishon


Benoni, 25 Ogasiti 2024

Amayi,

Moni. Ine ndilipo.

Ndamva zimene zachitika. Akuti a Laimoni anaitana akuluakulu a mpingo, anapemphera pabwalo, kenako a Laimoniwo anakwera padenga ndi chikwanje n'kudula waya wa sola. Madzulo a tsiku limenelo getsi linayaka pang'ono, linazima, ndipo silinayakenso.

Ndinawaimbira foni a Laimoni. Ndinawafotokozera zonse, za babu ndi za kabokosi kaja. Ndinawapempha kuti angolumikiza wayayo, chifukwa batire likakhala lopanda moto nthawi yaitali limafa, ndipo silidzukanso ngakhale mutalitchaja motani. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati:

"Alamu, ngati ndi babu chabe, bwanji munakhala chete miyezi yonseyi anthu akugona ndi mantha? Amayi anga asiya kudya. Waya uja sindilumikiza. Bweretsani kiyi titsegule, tione ndi maso. Tikatsegula tigawe katundu, tikusudzuleni, mwambo uthe. Mlongo wanga apume."

Sanalakwitse mawu ngakhale amodzi.

Kodi Atikonda ali bwanji? Sosten wangoti ali bwino, koma wayankha mofulumira kwambiri. Mupite mukamuone ndi maso anu, Amayi, ya basi nditumiza.

Gerishon


Benoni, 13 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndi kutenthaku. Pepani kuti mwezi watha munakhala osamva za ine, ndipo simunalandire kanthu. Ndinali kumalo kumene kulibe pepala ndi cholembera. Apolisi anatitenga angapo pa siteji ya minibasi. Bwana anayendetsa nkhaniyo, ndinatuluka, tsopano akundidula pang'onopang'ono pa malipiro. Musafunse zambiri, zinatha. Chimene muyenera kudziwa ndi chakuti mapepala anga sali bwino. Ndikadutsa malire kubwera kumeneko, kuno sindibwereranso msanga.

Zikomo kuti munapita ku Luwani. Mawu anu ndawalandira monga Sosten anawalembera: kuti mwana wawonda, kuti aphunzitsi akudandaula kuti chilowereni Sitandade 8 amangoyang'ana panja, ndi kuti amakhalabe pakhonde kuyang'ana windo la mdima. Ndiponso funso limene anakufunsani mukutsazika, loti kodi amayi ake akwiya ndi ndani.

Limenelo landikhala pamtima. Ine ndinkati ndikumusungira kanthu mwanayo.

Sabata yatha tinapasula batire lina lakufa, la kalavani imene inangokhala chaka chonse osayenda. Kunja linkaoneka latsopano. M'kati zitsulo zake zinali zitakutidwa ndi zoyera zolimba ngati mchere wouma, moto wosakhoza kulowanso. Dalitso anayesa kupala ndi mpeni, mpeni unangoterereka. Ndinawerenga m'mutu kuti la Mailesi lakhala nthawi yotani chidulireni waya. Mwina likadali ndi moyo pang'ono. Ikafika Khirisimasi sindikhulupirira.

Inu munati simukumvetsa chimene ndikukanira, popeza kusudzula ndi mwambo wa aliyense, bambo anga atamwalira inunso anakusudzulani. Sindikana mwambo, Amayi. Kungoti lero ndikati kwathu ku Luwani, palibe angandinene kuti ndanama. Ndine mkamwini wa pamudzi paja, nyumba ndinamanga ndi manja anga, kiyi ndili naye. Akandisudzula adzandiuza mwaulemu kuti ndamasuka, ndikhoza kukakwatira kwina. Ndidzafika pakhomo paja ngati mlendo, kuodira, kudikira kuti andiyalire mphasa. Mwana ndi wa mbumba ya a Laimoni, zimenezo ndimazidziwa chikwatirireni. Ndinkangofuna kukhalabe mwamuna wa Mailesi kanthawi kena.

Masiku ano ndikatseka maso kalavani siyenda. Ndimangoona windo lija, katani ili phee.

Mvula ikayandikira mundiuze mtengo wa feteleza, ndione chimene ndingathe.

Mwana wanu,
Gerishon


Benoni, 3 Novembala 2024

Okondedwa Amayi,

Moni kwa nonse. Kachifuwa kaja kachepa.

Mu envelopu muno mupeza kiyi, ndamukulunga m'kansalu. Wa galimoto ya katundu asiya kwa a Yakubu Lachinayi. Mukapereke kwa malume a Lucius, amene anali ankhoswe anga, ndipo muwapemphe kuti akandiimire pa mwambo. Chilichonse chimene a Laimoni ndi apongozi anene, avomere. Zovala zanga ndi njinga zibwere ku Ligowe. Zina zonse ndi za mwana. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha: batire, sola ndi mababu zisagawidwe, zikhale za Atikonda.

Tsopano Sosten, mvetsera, izi ndi zako.

Batire lili pakona pabalaza, pa thabwa. Uyambe wamasula waya wakuda, kenako wofiira. Pa mitu pake upeza zoyera ngati ufa. Usakhudze ndi manja, utsuke ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wophikira therere, koma asalowe m'kati. Ponyamula lisapendekeke, muli asidi, amaboola zovala ndi khungu lomwe. Pa njinga yamoto ulimange chilili, ndipo umuuze woyendetsayo kuti si thumba la chimanga.

Upite nalo kwa a Yakubu, ndalankhula nawo kale. Atsegule zitsekero. Ngati zitsulo za m'kati zikuonekera, athire madzi a batire a m'botolo mpaka zingomira, osadzaza. A pamjigo ayi, ngakhale wina atakuuza kuti ndi oyera. Asalitchaje ndi makina othamanga amene amatchajira a minibasi. Alipatse moto wochepa, masiku angapo, monga umamwetsera phala munthu amene wadwala nthawi yaitali. Likatentha alipumitse. Wina akanena zokhuthula asidi n'kuthira watsopano, ukane. A Yakubu anandiseka pa foni, akuti malangizo anga achuluka ngati ndikuwapatsa mwana wamkazi. Anati ayesetsa, koma za moyo wake mwini ndi Mulungu.

Likadzuka ulibweze ku Luwani, ulumikize waya wa padenga, umange bwino ndi tepi. Likakana, undiuze msanga, usandibisire.

Chomaliza. Mukalowa kuchipinda, switchi ili kumanja kwa chitseko, m'munsi mwa kalendala. Musaikhudze. Ikhale monga ilili.

Amayi, tsiku la mwambolo mudzavale chitenje chimene Mailesi anakugulirani chija. Ine ndidzapempha kuti ndisagwire ntchito, ndidzakhala m'kalavani muno.

Mwana wanu,
Gerishon


Benoni, 5 Januwale 2025

Okondedwa Amayi,

Chaka chabwino kwa inu nonse. Ndamva kuti mvula yagwa bwino ndipo chimanga chafika m'mawondo. Ine ndili bwino. Pa Khirisimasi galaja inali yotseka, ndinatsala ndekha ndi makalavani, ndinaphika mpunga ndi nkhuku.

Muwathokoze malume a Lucius. Ndamva kuti mwambo unayenda mwaulemu, ndi kuti apongozi analira ponena kuti ndinali mkamwini wosavuta. Ndinkayesa kuti tsiku limenelo ndidzamva kanthu kakuduka m'kati mwanga. Sindinamve. Ndinasesa m'kalavani, ndinachapa makatani ake, kunja kunada.

Za batire Sosten wandiuza. A Yakubu akuti masiku oyamba linali ngati mwala, anatsala pang'ono kutaya mtima, kenako linayamba kulandira. Silinabwerere mwakale. Akuti mwina latsala ndi theka la mphamvu zake, kapena kucheperapo. Zimenezo ndi zambiri kuposa zimene ndinkayembekeza. Wandiuzanso kuti atangolumikiza waya womaliza, babu la kuchipinda linayaka lokha anthu onse akuona, ndipo a Laimoni anayang'ana switchi, anayang'ana babu, n'kunena kuti, "Ndiye tinasala kudya chifukwa cha kameneka eti?" Muwauze kuti waya anadula uja sindiwalipiritsa.

Ndakondwa kuti apongozi asamukira m'nyumbamo ndi Atikonda, ndi kuti mwana wayambanso kudya. Koma Sosten akuti akukana kuti munthu azimitse babulo, usana ndi usiku, ndipo wina akayandikira switchi amaima patsogolo pake. Musamukalipire. Tsamba lotsatirali mukamupatse awerenge yekha.

Atikonda mwanangu,

Amayi ako sanakwiye ndi munthu. Getsi lija analiyatsa okha m'mawa umene ankapita kuchipatala, pofuna chitenje chawo, ndipo anachoka mofulumira osazimitsa. Limene unkaona pa windo ndi lomwelo. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinayenera kukuuza kalekale.

Batire limene lili pakonalo ladwala nthawi yaitali. Likamayaka osapuma lifa mvula isanathe, ndipo a Yakubu sadzathanso kulidzutsa. Ukamalisiyira mphamvu pang'ono tsiku lililonse, likufikitsa pa mayeso ako, mwinanso kupitirira. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse abambo ako aang'ono a Sosten azibwera kudzaona madzi ake. Iwe ntchito yako ndi kupukuta fumbi pa sola Loweruka, ndi ina imene ndikuuze tsopano.

Ukudziwa mmene amayi ako ankachitira. Ukamaliza kuwerenga ankakufunsa ngati watsuka mapazi, kenako ankati magetsi si a boma awa, n'kuzimitsa. Sanagonepo babu likuyaka ngakhale tsiku limodzi. Lija analisiya chifukwa sanapeze mpata. Ndinaletsa anthu onse kukhudza switchi imeneyo kuti udzawazimitsire ndiwe.

Lero ukatseka makope, uzimitse. Mawa kukada udzayatse wekha. Ine nthawi imeneyo ndimakhala pa sitepe kuyang'ana komweko, ndidzaona.

Manachesi akadzapsa ndibwera. Ndidzaodira pakhomo, iwe udzandiyalire mphasa.

Ndine bambo ako,
Gerishon